Nikolai Bernstein, dokotala amene anawerenga ubongo pa nyundo

Amalume anga ankasoka fodya osayang'ana. Nthawi yokolola kwathu kuno ku Kasungu, ankakhala pansi pa chigafa atatambasula miyendo, akukangana za mpira ndi anzawo, manja akungoyenda okha. Ine ndikati ndiyese, masamba awiri okha ndadzibaya kale chala. Chaka chatha anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafooka, moti lero kunyamula kapu ya tiyi amatuluka nako thukuta. Ndinayamba kufufuza pafoni kuti kodi luso lija linkakhala pati, m'zala kapena m'mutu? Kufufuzako kunandifikitsa kwa munthu wa ku Russia, Nikolai Bernstein.

Bernstein anabadwira ku Moscow mu 1896, m'banja la anthu a sukulu. Bambo ake anali dokotala wa matenda a maganizo, bambo ake aang'ono, Sergei Bernstein, anali katswiri wa masamu. Iye anaphunzira udokotala, n'kukagwira ntchito pakati pa asilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikomo. Mu 1922 analowa ntchito ku bungwe la boma lofufuza kagwiridwe ka ntchito, lomwe mkulu wake anali Aleksei Gastev. Mabwanawo ankafuna kupeza kamenyedwe kamodzi kabwino ka nyundo, kuti wantchito aliyense aziphunzitsidwa kumenya momwemo ngati makina.

Ndiye taonani zomwe mkuluyu anachita. Ankamangirira timababu paphewa, pachigongono, padzanja ndi panyundo pomwe, n'kumujambula munthuyo akumenya chitsulo. Pachithunzi pankatuluka timizere ta kuwala toonetsa njira yomwe chiwalo chilichonse chadutsa. Zotsatira zake zinali zodabwitsa: ngakhale katswiri wa zaka zambiri sankamenya kawiri mofanana. Phewa ndi chigongono zinkasintha njira nthawi iliyonse, koma nyundo inkagwera pamalo pake.

Apa m'pamene pandigwira mtima ine. Thupi lathu lili ndi minofu yoposa 600 ndi mfundo zambirimbiri, ndipo njira zofikitsira dzanja pa kapu n'zosawerengeka. Bernstein anaona kuti ubongo sungakwanitse kulamula mnofu uliwonse pawokhapawokha. Umagwira cholinga, n'kumanga minofu m'magulu oti azigwira ntchito limodzi. Dzanja likangoyamba kuyenda, mauthenga ochokera m'minofu, pakhungu ndi m'maso amabwerera kudzera m'mitsempha, ubongo n'kumakonza zolakwika ntchito ili mkati. Amene analimapo akudziwa: khasu panthaka youma gwa mu Okutobala ndi khasu mvula itagwa si zimodzi, koma mzere umatuluka woongoka ndithu. Palibe amaima kuti awerengetse.

Anaonanso kuti wophunzira kumene amaumitsa thupi kuti achepetse zoti azilamula. Kumbukani tsiku lanu loyamba panjinga, manja ali gwa pahandulo ngati mwagwira njoka. Mukazolowera mfundo zimamasuka, mpaka mumafika poyendetsa ngati wakabaza atanyamula matumba awiri a feteleza. Zala zanu zomwe zikuthamanga pafonipo zinadutsanso momwemo.

Koma maganizo otere anali oopsa ku Soviet Union. Kumeneko mfumu ya sayansi ya ubongo anali Ivan Pavlov, uja wa agalu otuluka malovu akamva phokoso lomwe anawazoloweza kuti limabwera ndi chakudya. Otsatira ake ankati zochita za munthu ndi mayankho chabe a zomwe zamukhudza. Bernstein ankaona munthu amene amayamba yekha kuchita chinthu ali ndi cholinga m'mutu. Analemba buku lotsutsana ndi Pavlov, koma Pavlov atamwalira mu 1936 iye analiletsa kuti lisasindikizidwe, poti wotsutsidwayo sakanathanso kuyankha. Ulemu wotere, kaya masiku ano a Facebook ungapezeke pati.

Gastev, bwana wake woyamba uja, anamangidwa mu 1938 n'kuphedwa mu 1939. Bernstein anapulumuka, ndipo buku lake la mu 1947 lofotokoza momwe ubongo umakonzera kayendedwe ka thupi linamupezetsa mphoto yotchedwa ndi dzina la Stalin. Chisangalalocho sichinakhalitse. Pofika 1949 boma linali pa kampeni yosaka ophunzira, makamaka achiyuda, powanena kuti amagwadira maiko akunja, ndipo iye anali wa mtundu umenewo. Anamudzudzula m'manyuzipepala kuti akunyoza Pavlov, anachotsedwa ntchito, labu yake inatha. Zaka zambiri zotsatira ankagwirira ntchito kunyumba, achinyamata ofuna kuphunzira akumupeza komweko.

Anamwalira mu Januwale 1966. Buku la zolemba zake m'Chingerezi linatuluka mu 1967, mwini wake ali m'manda, ndipo m'pamene akatswiri a maiko ena anayamba kumudziwa bwino. Buku lina lonena za luso la thupi, lomwe analemba m'zaka za m'ma 1940, linadikira mpaka 1991.

Poyamba ndinkadabwa kuti adokotala a mafizo bwanji amawapatsa amalume ntchito zooneka ngati masewera a ana: lero kutola nyemba m'mbale, mawa kumanga mabatani, mkuja kapu yodzaza, kenaka yopanda kanthu. Ndinkafuna awapatse chinthu chimodzi azibwereza mpaka chilowe. Tsopano ndikumvetsa kuti ubongo wawo ukufunika mpata wofunafuna njira zina zofikira pa cholinga chomwecho, poti njira yakale ija inaduka.

Sabata yatha anandituma singano ndi masamba angapo. Anasoka asanu, pang'onopang'ono, phewa litakwera m'mwamba, maso ali pa singano. Lachisanu ndi chimodzi linang'ambika. Anati ndiwapatse lina.