Maria Sibylla Merian, mayi amene ankajambula duwa pamodzi ndi mbozi yake

Mlimi akaona masamba a chimanga atabookabooka, amadziwa kuti m'munda mwalowa mbozi, ndipo amatembenuza tsamba kufunafuna mazira a gulugufe. Zaka zoposa 300 zapitazo sizinali choncho. Anthu ambiri ku Ulaya ankakhulupirira kuti mbozi zimangotuluka zokha m'matope ndi m'zinthu zowola. Mmodzi mwa anthu amene anathandiza kuthetsa maganizo amenewa ndi mayi wina wojambula maluwa, dzina lawo Maria Sibylla Merian.

Mayi Merian anabadwa pa 2 Abril 1647 mumzinda wa Frankfurt, ku Alemanha. Bambo awo, a Matthäus Merian, anali katswiri wozokota zithunzi pa mkuwa ndi kusindikiza mabuku, koma anamwalira mwanayo ali ndi zaka zitatu zokha. Mayi awo anakwatiwanso ndi a Jacob Marrel, amene ntchito yawo inali yojambula maluwa, ndipo ndi iwo amene anaphunzitsa mtsikanayo kugwira utoto.

Atafika zaka 13, Maria anayamba kuweta mbozi zimene zimapanga ulusi wa silika. Kenako ankatola mbozi zamitundu ina m'madimba, n'kumazidyetsa masamba a chomera chimene wazipezapo, uku akudikira kuti aone chimene chituluke m'chikwa. Chilichonse ankachijambula: dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe.

Mu 1665 anakwatiwa ndi a Johann Andreas Graff, ndipo pambuyo pake banjalo linasamukira ku Nuremberg. Kumeneko mayi Merian ankaphunzitsa atsikana kujambula ndi kupeta nsalu. Pakati pa 1675 ndi 1680 anatulutsa buku la zithunzi za maluwa m'magawo atatu, loti opeta nsalu azionerapo. Mu 1679 linatuluka buku lawo la mbozi, lokhala ndi zithunzi 50, ndipo gawo lachiwiri linatsatira mu 1683. Ojambula ambiri a nthawiyo ankaonetsa duwa lopanda chilema. Mayiwa ankajambula tsamba lodyedwa, mbozi imene yalidya ili pomwepo, mazira ake ali pambali. Woona chithunzicho ankadziwa kuti kachilombo aka kamadya chomera ichi, ndipo kamachokera apa.

Banja litatha, anakhazikika ku Amsterdam, ku Holanda, ndi ana awo aakazi awiri. Kumeneko ankaona agulugufe okongola ochokera kumayiko otentha, koma onse anali akufa, atabayidwa ndi singano m'mabokosi a anthu olemera. Palibe amene akanawauza chimene agulugufewo ankadya ali mbozi. Choncho mu 1699, ali ndi zaka 52, anagulitsa zojambula zawo kuti apeze ndalama za ulendo, n'kukwera chombo pamodzi ndi mwana wawo wamng'ono, Dorothea Maria, kupita ku Suriname, dziko la kumpoto kwa Brasil limene linali m'manja mwa Holanda.

Ku Suriname kunali minda ikuluikulu ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Eni mindayo ankawaseka mayiwa chifukwa chofuna zinthu zina osati shuga. Amene anawathandiza ndi akapolowo komanso eni nthaka a dzikolo. Iwo ndi amene ankalambula njira m'nkhalango, kubweretsa mbozi ndi zomera, ndi kufotokoza ntchito ya chomera chilichonse. Mayi Merian analemba zimene anauzidwa, ngakhalenso nkhanza zimene akapolo ankachitiridwa, koma mayina a anthuwo sanawalembe.

Mu 1701 anadwala kwambiri ndipo anabwerera ku Amsterdam. Patatha zaka zinayi, mu 1705, anatulutsa buku lawo lalikulu la tizilombo ta ku Suriname, lokhala ndi zithunzi 60. Mlimi wa kuno atalitsegula angazindikire zambiri: chinanazi, nthochi, mbatata, papaya, thonje ndi chinangwa. Pa chinangwa analemba kuti madzi ofinyidwa ku mizu yake ndi poizoni, ndipo anthu amayamba awachotsa asanaphike chakudya. Nzeru imeneyi ndi yomwe amaitsata amene amaviika chinangwa chowawa m'madzi asanachisinje. Chinangwa ndi chinanazi kwawo ndi ku America komweko, ndipo zinafika ku Africa m'zombo za Apwitikizi.

Zithunzizo zinkapangidwa movutikira. Chojambula chinkazokotedwa pa mkuwa wophwatalala, n'kupakidwa inki, kenako n'kudindidwa papepala. Mitundu inkapakidwa ndi manja, tsamba ndi tsamba, kotero kuti palibe masamba awiri ofanana ndendende. N'chifukwa chake anthu osonkhanitsa zithunzi zakale za maluwa amalimbirana ntchito ya mayiwa mpaka lero. Mabuku ena anachita kuphwasulidwa, masamba ake n'kumagulitsidwa limodzilimodzi kuti akapachikidwe pakhoma.

Mu 1715 mayi Merian anadwala matenda ofa ziwalo, ndipo anamwalira pa 13 Janeiro 1717 ku Amsterdam, ali ndi zaka 69. Mfumu ya ku Rússia, Peter Wamkulu, inagula zambiri mwa zojambula zawo, ndipo zikusungidwa ku Saint Petersburg. M'zaka za m'ma 1990 dziko la Alemanha linaika nkhope yawo pa ndalama yapepala ya mamaki 500.

Mbozi yowononga chimanga imene inafika m'Moçambique mu 2017 nayo inachokera ku America. Alangizi a zaulimi amauza alimi kuti aziyendera munda chimanga chikadali chaching'ono, kuyang'ana masamba ndi kuphwanya mazira asanaswe. Langizo limeneli limadalira mfundo imene mayi Merian anaionetsa m'zithunzi zawo: mbozi iliyonse imachokera m'dzira, ndipo ili ndi chomera chimene imadya.