Welensky, Mngerezi Woposa Angerezi

Akuluakulu a ku Namitete, ku Nsaru ndi ku Kabudula amene anaponya voti pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 safunika kuwakumbutsa dzina la Sir Roy Welensky. Ana athu ndiwo amangolimva m'kalasi, ndipo nkoyenera kuti aphunzitsi awafotokozere bwino za munthuyu.

Anabadwira ku Salisbury, kumene lero timati Harare, mu 1907. Atate ake anali Myuda wochokera ku Lithuania, amai ake anali a mtundu wa Mabunu. Sanali mwana wa Mngerezi, komabe panalibe mzungu kuno amene ankanyadira mbendera ya Britain kuposa iye. Sukulu analekeza ali ndi zaka 14. Anatchuka pa nkhonya, anayendetsa sitima ku Broken Hill, lero Kabwe, natsogolera bungwe la azungu a pa njanji, anthu amene ankaopa kuti wakuda adzawalanda ntchito. Tikuona kuti ndale zake zinamera pa mantha amenewo.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953 eni dziko lino atachikana, ndipo Welensky anakhala Nduna Yaikulu yake mu 1956. Iye ankati akutumikira Mfumukazi. Koma Britain amene iye ankamukonda anali Britain wosunga mzungu pampando. Khalidwe lotere si lachilendo: mu 1912 Apulotesitanti a ku Ulster, kumpoto kwa Ireland, analumbira kukana boma lodzilamulira limene nduna za ku London zinafuna kupatsa Ireland, uku akunena kuti akutero chifukwa chokhulupirika kwa Mfumu.

Pa 3 Malichi 1959 dziko lino linalowa m'masiku a chipwirikiti. Asilikali a Chitaganya anabwera, anthu oposa 50 anaphedwa, oposa 1,000 anamangidwa, ndipo Dr H. Kamuzu Banda anatsekeredwa ku Gwelo. Apa Welensky anaona kuti Britain sali ndi mtima umodzi. Mpingo wa Church of Scotland, mai wa sinodi za Blantyre ndi Livingstonia, unaima ndi Aafrika chaka chomwecho, ndipo lipoti la Devlin linanena poyera kuti Chitaganya chinali chosafunidwa. Mu 1961 Malaŵi Congress Party inatenga mipando yonse 20 ya mavoti a anthu wamba. Pa 31 Disembala 1963 Chitaganya chinaikidwa m'manda, Welensky akudandaula kuti a ku London amupereka.

Chimodzi sitingamumane. Pamene Ian Smith anagalukira Britain mu 1965, Welensky sanagwirizane nazo, ngakhale anzake ambiri anapita komweko. Mu 1981 anasamukira ku Mangalande, dziko limene analitumikira moyo wake wonse koma anali asanakhalemo, ndipo anamwalirira ku Blandford Forum pa 5 Disembala 1991.