IBN AL-HAYTHAM: MUNTHU AMENE ANAPHUNZIRA KUWALA M'CHIPINDA CHAMDIMA



Amene tinakulira m'nyumba za malata akale kuno ku Machinga ndi ku Balaka, pali chinthu chimene tinkachiona tili ana koma osachifunsa. Masana dzuwa likuswa mtengo, ukatseka chitseko ndi mawindo, kuwala kumalowera pa timabowo ta misomali n'kugwetsa timadontho toyera pansi. Bowolo likhale lokhota chotani, kadonthoko kamakhala kozungulira basi. Ena munaonapo zoposa apa: munthu akudutsa panja, chithunzithunzi chake n'kumayenda pakhoma la m'kati, mutu pansi miyendo m'mwamba. Enafe tinkathawa, kumati ndi majini.

Sanali majini ayi. Imeneyo inali kamera. Foni imene mukuwerengera uthenga unoyi ili ndi kachipinda kamdima kotero, kochepa ngati njere ya nandolo, kokhala ndi kabowo kolowera kuwala. Ndiye popeza ambiri mwa ife tikufuna kuphunzira kujambula, kaya pa nikah, pa Eid, kaya katundu wogulitsa pa WhatsApp, tiyeni lero timudziwe munthu amene anachifufuza chinthu chimenechi mofatsa zaka pafupifupi 1,000 zapitazo.

KUCHOKERA KU BASRA

Dzina lake lonse ndi Abu Ali al-Hasan ibn al-Hasan ibn al-Haytham. Anabadwa cha m'ma 965 mumzinda wa Basra, kum'mwera kwa dziko limene lero ndi Iraq. Nthawi imeneyo mabuku a akatswiri akale achigiriki monga Euclid, Ptolemy, Aristotle ndi Galen anali atamasuliridwa kale m'Chiarabu, ndipo mnyamatayu anawawerenga mpaka kutchuka pa masamu.

Kutchukako ndi kumene kunamufikitsa ku Egypt. Wolemba mbiri wina dzina lake Ibn al-Qifti, amene anakhalako patadutsa zaka pafupifupi 200, ndiye anasunga nkhaniyi. Mtsinje wa Nile unkasefukira chaka ndi chaka. Madzi akachepa, njala. Akachulukitsa, minda ndi midzi kukokoloka. Ife a m'mbali mwa Shire nkhani yotere sitichita kufotokozeredwa. Ibn al-Haytham ali ku Basra ananena kuti atakhala ku Egypt akhoza kumanga chinthu choti chiziwongolera madziwo. Mawuwo anamupeza khalifa wa ku Cairo, al-Hakim bi-Amr Allah, amene analamula kuyambira 996 mpaka 1021. Anamuitanitsa, n'kumupatsa amisiri ndi zonse zofunika.

Ananyamuka ulendo wa kum'mwera, kutsata mtsinje mpaka kufupi ndi Aswan. M'njira ankaona zomanga zikuluzikulu za Aiguputo akale, n'kumadzifunsa kuti anthu aluso chonchi akanalekeranji ntchito imeneyi ikanakhala yotheka. Atafika n'kuuona mtsinjewo ndi maso ake, anazindikira kuti zimene anawerengera ali kutali sizingatheke ndi zipangizo za nthawi yake. Ndipo sanalakwitse: damu loyamba la ku Aswan linadzamalizidwa mu 1902, lalikulu lija mu 1970. Ngakhale baraji ya pa Liwonde, imene imawongolera madzi a Shire opita ku Nkula ndi Tedzani, ndi ya 1965 chabe.

Apa ndi pamene panaonekera khalidwe lake. Akanatha kuyamba ntchitoyo, kumadya chuma cha boma, zaka n'kumapita. Iye anabwerera kukavomera kuti walephera, pamaso pa mfumu yodziwika ndi kupha nduna zake pa zifukwa zazing'ono. Al-Hakim anamupatsa ntchito ya mu ofesi, koma poopa kuti tsiku lina mutu wake udzapita, Ibn al-Haytham ananamizira misala. Katundu wake analandidwa, iye n'kutsekeredwa m'nyumba. Anakhala choncho mpaka 1021, pamene al-Hakim anatuluka usiku wina osabwereranso.

Atamasuka sanafunenso udindo. Anakakhala pafupi ndi mzikiti wa al-Azhar, moyo wosalira zambiri. Chakudya ankachipeza pokopera mabuku pamanja: chaka chilichonse ankalemba buku la Euclid, la Ptolemy ndi timabuku tina ta masamu, n'kugulitsa madinari 150. Nthawi yotsala inali ya kafukufuku ndi kuphunzitsa.

KODI DISO LIMAONA BWANJI?

Funsoli lingaoneke lachibwana, koma akatswiri anali atakanganapo zaka mazanamazana. Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti m'maso mumatuluka cheza chimene chimakakhudza chinthu, ngati mmene tochi imachitira. Otsatira Aristotle ankati maonekedwe a chinthu ndi amene amabwera kumaso, koma osatha kufotokoza ndi masamu kuti amabwera motani.

M'buku lake lalikulu, Kitab al-Manazir, la zigawo 7, Ibn al-Haytham anayambira pa zinthu zoti aliyense akhoza kuyesa. Ukayang'ana kuwala kwambiri maso amapweteka, ndipo ukatsinzina kuwalako kumatsalirabe kanthawi. Ndiye kuti pali chimene chalowa m'diso kuchokera kunja. Anaonetsa kuti kuwala kumachoka pa kadontho kalikonse ka chinthu chowalitsidwa, kumwazikira mbali zonse m'mizere yowongoka, ndipo kumene kwalowa m'diso ndi kumene timaona nako. Kuti atsimikize za mizere yowongokayo ankasuzumira m'kapaipi kowongoka: ukatseka penapake m'kati mwake, chinthu chija sichionekanso.

Kenako chipinda chamdima chija, chimene m'Chiarabu ankachitcha al-bayt al-muzlim. Anandandalika nyali zingapo kunja kwa kabowo. Pakhoma la m'kati panaoneka timadontho ta kuwala tofanana chiwerengero ndi nyalizo, kalikonse moyang'anizana ndi nyali yake kudzera pa kabowo. Akaphimba nyali imodzi, kadontho kake kokha n'kumazima. Akavundukula, n'kubwerera. Kuwala kwa nyali zonsezo kunkadutsa pa bowo limodzi popanda kusakanikirana. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha chithunzi chozondoka chija: kuwala kochokera kumutu kwa wodutsa panja kumalowa motsetsereka n'kukagwera m'munsi mwa khoma, kochokera kumapazi kumalowa mokwera n'kukagwera m'mwamba.

Analembanso kabuku kena ka maonekedwe a kadamsana. Anaona kuti dzuwa likaphimbika mbali imodzi ndi mwezi, kuwala kodutsa pa kabowo kakang'ono kumajambula pakhoma kachizenga konga mwezi watsopano. Bowo likakulitsa, kachizengako kamasowa, pamangooneka maonekedwe a bowolo. Ndiye timadontho tozungulira ta pansi pa malata tija ndi zithunzi za dzuwa lenilenilo.

ZIMENE WOYAMBA KUJAMBULA ANGATOLEPO

Kamera iliyonse, kaya ya foni kaya ya Canon kapena Nikon, ndi chipinda chamdima chimene anachiwonjezera galasi kutsogolo ndi sensa kumbuyo. Zoyamba kuzidziwa ndi zitatu.

Choyamba ndi kukula kwa bowo, aperture. Bowo lalikulu limalowetsa kuwala kwambiri, laling'ono pang'ono. Manambala ake amasokoneza chifukwa amayenda chobwerera: f/1.8 ndi bowo lalikulu, f/16 ndi laling'ono. Lalikulu limaonetsa bwino munthu amene mwalozayo, za kumbuyo kwake n'kuchita mbuu. Laling'ono limaonetsa bwino zapafupi ndi zakutali zomwe, choncho ndi labwino pojambula gulu kapena mapiri. Mafoni ambiri bowo lawo silisinthika.

Chachiwiri ndi nthawi imene bowolo likhala lotsegula, shutter speed. Pa 1/1000 ya sekondi, wakabaza wothamanga amaoneka ngati waima. Pa 1/15, ngakhale kunjenjemera kwa dzanja lanu kumapaka chithunzi chonse.

Chachitatu ndi ISO, imene imakweza mphamvu ya kuwala kumene sensa yalandira. Padzuwa 100 imakwana. Usiku mukakweza mpaka 3200 chithunzi chimawala, koma chimadzaza timichenga. Zitatuzi zimakokerana: mukachepetsa chimodzi, china chiyenera kukwera. Ngati foni yanu ili ndi Pro mode, sinthani chimodzi chokha, jambulani, yerekezani, kenako sinthani chinacho.

Koma phunziro lalikulu ndi ili: kamera siigwira munthu, imagwira kuwala kochokera pa munthuyo. Musanadine, dzifunseni kuti kuwala kukuchokera kuti. Mkwati akaima pakhomo kunja kukuwala kumbuyo kwake, nkhope ituluka bii, foni ikhale yodula chotani. Mutembenuzeni kuti kuwala kumugwere kumaso. Dzuwa la paliwombo limaika mithunzi pansi pa maso, ndiye masana lowani pakhonde. Kuwala kofewa kumapezeka dzuwa litangotuluka, komanso kumadzulo Maghrib ikuyandikira.

Ibn al-Haytham anasiyanitsanso kuwala kochokera ku chinthu chowala chokha, monga dzuwa ndi moto, ndi kuwala kochokera ku chinthu chimene changowalitsidwa. Anaonetsa kuti kuwala kwachiwiriku kumanyamula mtundu wa chinthucho. Ichi n'chifukwa chake khoma loyera limene lawombedwa ndi dzuwa limawalitsa bwino nkhope ya woima moyang'anizana nalo, pomwe khoma lobiriwira limamupaka kubiriwira. Ojambula akuluakulu amagula zipangizo zobwezera kuwala. Inu chinsalu choyera chikukwanirani.

TISAMUNAMIZIRE

Pa Facebook pamayenda mapositi oti Ibn al-Haytham ndiye anapanga kamera yoyamba, ena mpaka kumati mawu oti kamera anachokera kwa iye. Abale, tisamakonde anthu athu powanamizira. Mawuwa ndi a Chilatini, amatanthauza chipinda. Za chithunzi chozondoka zinalembedwapo kale ku China m'mabuku a otsatira Mozi, zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Ndipo iye sanajambulepo chithunzi ngakhale chimodzi, chifukwa njira yosungira chithunzi kunalibe. Chithunzi chakale kwambiri cha pa kamera chimene chilipo lero anachijambula Nicéphore Niépce ku France cha m'ma 1826, pa mbale yachitsulo yopakidwa phula, ndipo chinatenga maola ambirimbiri. Njira ya Louis Daguerre inalengezedwa mu 1839.

Penanso analakwitsa. Ankaganiza kuti kuona kumayambira pa kagalasi ka m'diso. Johannes Kepler ndiye anadzafotokoza mu 1604 kuti chithunzi chimagwera kumbuyo kwa diso, chozondoka, ndendende ngati m'chipinda chamdima chija.

Iye mwini sakanakhumudwa nako kuwongoleredwako. Analemba buku lathunthu lotchula zokayikitsa m'mabuku a Ptolemy, munthu amene ankamulemekeza kwambiri, ndipo mmenemo anaphunzitsa kuti wofuna choonadi azifufuza zimene akuwerenga mosayang'ana nkhope, komanso azidzikayikira iye mwini. Ulemu wake weniweni ndi umenewo: sankakhutira ndi zomva, ankayesa, n'kulemba mmene wayesera kuti wina akabwereze.

Anamwalira ku Cairo cha m'ma 1040. Buku lake linamasuliridwa m'Chilatini cha m'ma 1200, Azungu n'kumamutcha Alhazen, ndipo linasindikizidwa ku Basel mu 1572. Roger Bacon, Witelo ndi Kepler onse anamwa pa chitsime chimenechi. Ku Persia, Kamal al-Din al-Farisi analilembera ndemanga n'kufika pofotokoza mmene utawaleza umapangikira. Lero pamwezi pali chigwa chotchedwa Alhazen, ndipo mu 2015, chaka chimene United Nations inachipatula kukhala cha kuwala, dzina lake linakumbukiridwa m'maiko ambiri.

Luso limeneli linafika ndi kwathu kuno. Mmodzi mwa Amalawi oyambirira kugwira kamera anali Mungo Murray Chisuse wa ku Blantyre, amene anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Taganizani, akanapanda kuphunzira ntchitoyi, zambiri za nthawi imeneyo bwenzi tikungozimva. Agogo athu, madrassa athu, asodzi a ku Chilwa ndi Chiuta, misika ya ku Ntaja ndi Ulongwe, adzazisunga ndani ngati si ife? Kungoti tisaiwale adabu: munthu timayamba tamupempha tisanamujambule, ndipo timapemphanso tisanamuike pa intaneti.

NTCHITO YA SABATA INO

Pezani katoni. Matani ming'alu yonse kuti musalowe kuwala. Mbali imodzi bowolani kabowo ndi singano. Mbali yoyang'anizana nayo dulani windo, mumatepo pepala loyera lopyapyala. Dzifunditseni chitenje chochindikala pamodzi ndi mbali ya pepalayo, mulozetse kabowo ku mtengo kapena nyumba imene yawala ndi dzuwa, ndipo mudikire pang'ono maso azolowere mdima. Mtengowo muuona pa pepala, wozondoka. Kenako kulitsani bowolo ndi msomali: chithunzi chiwala kwambiri koma chichita mbuu. Mukaona zimenezo ndi maso anu, aperture simudzachitanso kuloweza. Chenjezo limodzi: musayang'ane dzuwa mwachindunji, kaya ndi maso kaya kudzera pa bowo.

Aitaneni ana a pakhomo adzaone nawo. Amene muyese, tiuzeni zimene mwaona, in shaa Allah.

Allah amuchitire chifundo Ibn al-Haytham, ndipo ife atipatse maphunziro opindulitsa. Ameen.