Amir Abdul Qadir: shehe amene adatsekulira chipata othawa mzinda ukuyaka

Ife a ku Thyolo timadziwa tanthauzo la kusiya kwanu usakufuna. Ambiri mwa amene akuthyola tiyi m'minda ya Satemwa, Naming'omba ndi Makwasa ndi zidzukulu za Alhomwe amene adawoloka malire kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pothawa nkhanza za Apwitikizi. Eni minda adawapatsa pomanga, koma malowo adali ndi mtengo wake, womwe udali ntchito ya thangata, imene idasautsa mabanja mpaka mu 1962. Mbiri ya lero ndi ya Msilamu amene adasunga othawa osawalipiritsa kanthu, ndiponso osawafunsa chipembedzo chawo.

Abdul Qadir adabadwa mu 1808 m'mudzi wa Guetna, pafupi ndi Mascara, kumadzulo kwa Algeria. Bambo ake, Muhyi al-Din, adali shehe wa twarika ya Qadiriyya, yomweyi imene ili ndi otsatira ambiri m'mizikiti ya kuno kwathu. Mnyamatayu adakulira pa madrasa a bambo akewo, adaloweza Qur'an yonse akadali wamng'ono, ndipo asanakwanitse zaka 20 adapita nawo ku Hajj, nakafikanso ku Damascus ndi ku Baghdad.

Mu 1830 Afalansa adalanda mzinda wa Algiers. Patapita zaka ziwiri mafuko a kumadzulo adasankha Abdul Qadir, ali ndi zaka 24, kukhala Amir, kutanthauza mtsogoleri wawo, ndipo adalimbana ndi atsamundawo zaka 15. Ngakhale adani ake adachitira umboni za mmene ankasungira akaidi a pankhondo. Adaletsa kuwapha, ankapereka mphotho kwa msilikali wobweretsa mdani wamoyo, ndipo akaidi aakazi ankasamalidwa ndi mayi ake, Lalla Zohra. Mu 1841 adagwirizana ndi Bishopu Dupuch wa ku Algiers zosinthana akaidi.

Moyo wa pamsasa adaudziwa yekha. Afalansa atagwetsa mizinda yake, likulu lake lidasanduka mudzi wa matenti womasamukasamuka, wokhala anthu zikwizikwi, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi okalamba. Mu Meyi 1843 adani adaugwira mudziwo iye kulibe. Mu Disembala 1847, poona kuti anthu ake atha ndi njala ndi nkhondo, adatula zida atalonjezedwa kuti amulola kukakhala ku Alexandria kapena ku Acre. Lonjezolo silidasungidwe. Adamutsekera ku France, ku Toulon, ku Pau ndi ku Amboise, komwe ena mwa abale ndi omutsatira adamwalira. Louis-Napoleon adamumasula mu 1852, ndipo mu 1855 adakakhazikika ku Damascus, m'dziko la Syria, nayamba kuphunzitsa mu mzikiti waukulu wa Umayyad.

Nthawi imeneyo Syria idali pansi pa ufumu wa Ottoman. Lamulo la 1856 lidanena kuti Akhristu ndi Asilamu akhale ofanana pamaso pa boma, ndipo amalonda ena Achikhristu, mothandizidwa ndi akazembe a ku Ulaya, ankalemera pamene amisiri ambiri Achisilamu ankasauka. Njiru idakula mobisika ngati moto wa m'mankhusu. Mu 1860 nkhondo idabuka ku mapiri a Lebanon pakati pa Adruze ndi Akhristu a Chimaronite, ndipo othawa adadzaza Damascus. Abdul Qadir adachenjeza bwanamkubwa Ahmad Pasha kuti zoopsa zili pafupi, koma bwanamkubwayo sadachitepo kanthu kooneka.

Pa 9 Julayi chigulu cha anthu chidalowa m'dera la Akhristu la Bab Tuma, kupha, kufunkha ndi kutentha nyumba ndi matchalitchi. Chipwirikiticho chidatenga masiku angapo, ndipo anthu zikwi zingapo adaphedwa asilikali a boma akungoyang'ana. Abdul Qadir adatuluka ndi ana ake pamodzi ndi Aalgeria amene adamutsatira ku ukapolo wa kudziko lachilendo. Adayenda m'misewu yofuka utsi akuitana obisala m'zipinda ndi m'mabwinja kuti atuluke. Adasonkhanitsa mabanja, ansembe, masisitere pamodzi ndi ana amene ankawasamala, ngakhalenso akazembe, kuphatikizapo wa France, dziko lomwe lidamulanda kwawo ndi kumunamiza.

Nyumba yake ndi za anansi ake zidadzaza mpaka pabwalo. Chigulu chija chidafika pachipata kufuna kuti awapereke anthuwo. Iye adaima pakhomo, nawakumbutsa kuti Chisilamu chimaletsa kukhetsa mwazi wa munthu wosalakwa, ndipo adawadziwitsa kuti iye ndi anyamata ake ali okonzeka kufera alendo awo. Anthuwo adabwerera. Adalengezanso kuti aliyense wobweretsa Mkhristu wamoyo alandira ndalama, kotero kuti ena amene dyera likadawapangitsa kupha, dyera lomwelo lidawapangitsa kupulumutsa.

Malo atachepa, adayamba kuwaperekeza m'magulu, atazingidwa ndi anyamata ake a mfuti, kupita ku linga lalikulu la mzindawo. Bwalo la lingalo lidasanduka msasa wa anthu oposa 10,000, ogona pansi, padzuwa loswa mtengo la mwezi wa Julayi. Kumeneko adakhala milungu ingapo, kufikira ambiri adaperekezedwa ku Beirut, komwe makomiti a chithandizo ankagawa chakudya, zovala ndi mankhwala ogulidwa ndi zopereka za ku Ulaya ndi ku America. Tisaiwalenso kuti sadali yekha: Asilamu a m'dera la Maydan nawonso adatchinjiriza anansi awo Achikhristu. Nduna Fuad Pasha itafika kuchokera ku Istanbul, idalanga olakwa ambiri, ndipo bwanamkubwa Ahmad Pasha adaphedwa chifukwa cholekerera.

Maiko adamutumizira ulemu. France idampatsa mendulo yake yapamwamba, Papa Pius IX nayenso adamulemekeza, ndipo boma la America lidatumiza mphatso ya mfuti ziwiri. Koma m'makalata ake adafotokoza kuti adangochita zimene malamulo a chipembedzo chake ndi umunthu zimafuna. Maziko ake ngodziwika. Surat At-Tawbah, ndime 6, imalamula kuteteza ngakhale wopembedza mafano akapempha chitetezo, ndi kumufikitsa pamalo a mtendere. Maswahaba a Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) nawonso adakhalapo othawa, pomwe mfumu Yachikhristu, Najashi wa ku Abyssinia, idawalandira cha m'ma 615. Abdul Qadir adamwalira ku Damascus pa 26 Meyi 1883, naikidwa pafupi ndi manda a Ibn Arabi. Mu 1966 mafupa ake adawasamutsira ku Algiers.

Nkhaniyi siili kutali nafe. Nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, idabweretsa m'dziko muno othawa oposa 1 miliyoni. Mu Epulo 2015 ana athu omwe adagona m'matenti ku Isipingo ndi ku Chatsworth, mumzinda wa Durban, atathamangitsidwa chifukwa chokhala alendo, nadya chakudya cha mabungwe monga Gift of the Givers kufikira mabasi adawabweza kumudzi. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli mabanja amene akhala pamsasa zaka zambirimbiri. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wothawa akafika pakhomo pathu amakhala wopanda mphamvu yokana chilichonse, ndipo apa ndi pamene chikhulupiriro chathu chimayesedwa. Tingathe kumpatsa pogona kuti atilimire mwaulere, kapena kumpatsa ufa pokhapokha atalowa mumzikiti wathu. Kutero ndi kudzutsa thangata amene makolo athu adalira naye. Sadaka yeniyeni siyembekeza malipiro kwa woilandira. Allah amuchitire chisoni Amir Abdul Qadir, ndipo atipatse mitima yotsekula zipata zathu tsiku la mavuto likafika.