Leonhard Euler: maso anafooka, masamu sanaleke

Anzanga, mukukumbukira ma median ndi ma altitude omwe ankatizunguza mutu kusekondale? Mumudziwe Leonhard Euler. Anabadwira ku Basel, Switzerland, mu 1707. Bambo ake anali m'busa ndipo ankafuna mwanayo atsate mapazi awo, koma iye mtima unali pa masamu.

Mu 1765 anatsimikizira kuti mu triangle, pokumana ma median, pokumana ma altitude ndi pokumana ma perpendicular bisector, malo atatuwa amakhala pa mzere umodzi wowongoka, womwe lero timautcha Euler line. Jambulani triangle ya mbali zosiyana kutalika, mudzionere nokha.

Pofika 1771 anali atachita khungu pafupifupi kotheratu. Koma ayi ndithu, sanagwe mphwayi: ankawerengera m'mutu, ana ake ndi omuthandiza n'kumalemba. Tsiku lomwe anamwalira ku St Petersburg mu 1783, anali akukambabe za kayendedwe ka pulaneti Uranus.