John Newton, Munthu Amene Anachedwa Kuona

TSIKU lina mu March 1748, chombo chotchedwa Greyhound chinatsala pang'ono kumira m'nyanja ya Atlantic. Namondwe anaswa mbali ina ya chombocho, ndipo mafunde anakokolola mmalinyero mmodzi. Pakati pa amene anali kupopa madzi panali John Newton, wazaka 22, wodziŵika monga wotukwana koposa onse. Pamenepo iye anapempha chifundo kwa Mulungu, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka zambiri. Patapita milungu inayi, chombocho chinafika ku Ireland.

Newton anabadwira mu London mu 1725. Amake, amene anamphunzitsa Malemba, anamwalira iye asanakwanitse zaka 7, ndipo pausinkhu wa zaka 11 anayamba kuyenda panyanja ndi atate wake. Mu 1744 anamloŵetsa mokakamiza m'gulu la nkhondo la pamadzi la Britain. Anathaŵa, koma anagwidwa nakwapulidwa poyera. Pambuyo pake anagwirira ntchito wogulitsa akapolo wina pachisumbu cha kugombe la Sierra Leone, kumene iye mwini anadwala, anagona ndi njala, nachitidwa ngati kapolo. Greyhound inamtenga kugombe limenelo.

Anasintha, Koma Osati pa Zonse

Atapulumuka namondweyo, Newton analeka kutukwana nayamba kuŵerenga Baibulo mwakhama. Kodi analekanso malonda a akapolo? Iyayi. Chaka chomwecho anakwera chombo cha akapolo monga wachiŵiri kwa kapitawo, ndipo pakati pa 1750 ndi 1754 anayenda maulendo atatu iye ali kapitawo, akumanyamula Aafirika kumka nawo ku West Indies. Pa Sande anali kuchititsa mapemphero a amalinyero ake, pamene pansi pa mapazi awo panali anthu opanikizana, amuna ali omangidwa maunyolo. Zolemba zake za paulendo zimasonyeza kuti atamva za chiwembu cha kupanduka, anafinya zala za anyamata ena ndi chitsulo kuti aulule.

Kodi munthu wopemphera angachite motani zimenezi? Newton anali kudzipenda, ndipo mosamalitsa ndithu. Koma anapenda machimo okhawo amene anthu a m'tsiku lake anawatcha machimo, monga mwano ndi chilakolako choipa. Malonda a akapolo anali ololedwa ndi lamulo, opindulitsa, ndi ochitidwa ndi amuna olemekezeka. Nthaŵi zina anaipidwa ndi ntchito ya maunyolo imeneyi, napempha Mulungu kuti ampatse ina yachifundo, komabe sanaione monga cholakwa chofunika kulapa. Nchifukwa chake Yeremiya anachenjeza za chinyengo cha mtima, ndipo Davide anapempha Mulungu kuti amsanthule ndi kummasula ku zolakwa zimene iye mwini sanazizindikire. (Yeremiya 17:9, Salmo 19:12, 139:23, 24) Chizoloŵezi chimene onse otizinga ali nacho nchovuta kuchiona, makamaka ngati ndicho chimatidyetsa.

Ngakhale pamene anasiya malondawo mu 1754, chimene chinamletsa sichinali chikumbumtima ayi. Anadwala mwadzidzidzi atatsala pang'ono kuyamba ulendo wachinayi.

Zaka 34 Asanalankhule

Newton anagwira ntchito padoko la Liverpool, ndiyeno mu 1764 anakhala mbusa wa Tchalitchi cha England ku Olney. Kumeneko iye ndi William Cowper analemba nyimbo zimene zinafalitsidwa mu 1779, kuphatikizapo Amazing Grace. Anasimba momasuka za moyo wake wakale wa mwano, koma sanatsutse poyera malonda amene anali kuchita.

Maso ake anatseguka pang'onopang'ono. Atasamukira ku London, mu 1785 anachezeredwa ndi William Wilberforce, phungu wachinyamata amene anali kulingalira zosiya Nyumba ya Malamulo, ndipo Newton anamlangiza kukhalabe momwemo. Mu 1788 iye mwini anafalitsa kabuku kotchedwa Thoughts upon the African Slave Trade. M'menemo anafotokoza nkhanza zimene anaona ndi maso, navomereza kuti anali ndi liwongo ndi kuti kuulula kwakeko kunachedwa. Anaperekanso umboni pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo.

Muukalamba wake Newton anachita khungu. Lamulo loletsa zombo za Britain kuchita malonda a akapolo linavomerezedwa mu March 1807, ndipo iye anamwalira pa December 21 chaka chomwecho, ali ndi zaka 82.