Mayi Amene Anawerenga Mano a Nsomba Zathu

Ine kwathu ndi ku gombe, kufupi ndi pamene Shire atuluka m'nyanja, ndipo atate ndiwo msodzi. Maina a chambo, utaka, mcheni ndi mbuna ndinawadziwa ndisanayambe sukulu. Koma tsiku lina aphunzitsi athu a Bayoloje analemba pa bolodi dzina la mbuna ina, Labeotropheus trewavasae, natiuza kuti dzinali likumbutsa munthu wamkazi. Ndinazizwa, pakuti kwathu akazi sakwera bwato kukaponya khoka. Tsono ndinafunafuna mbiri ya mayiyo, ndipo ndifuna kukuuzani zimene ndinapeza.

Mayi Ethelwynn Trewavas anabadwa pa 5 Novembala 1900 m'mudzi wa Penzance, m'mbali mwa nyanja yamchere ku Mangalande. Anaphunzira za zinyama ku Reading, natsiriza m'chaka cha 1921. Poyamba anali mphunzitsi, koma m'chaka cha 1928 anayamba kuthandiza Charles Tate Regan, katswiri wa nsomba wa ku British Museum mu London.

M'nyumba imeneyo munali nsomba zambiri za m'nyanja yathu, zosungidwa m'mabotolo a mankhwala. Anazisonkhanitsa ndi dokotala wina dzina lake Cuthbert Christy m'zaka za 1925 ndi 1926, ndipo zina zinagwidwa ku Monkey Bay. Mayi Trewavas anazitenga imodziimodzi. Anawerenga mamba ndi minga ya pamsana, nayesa nsagwada, napenyetsetsa mano ndi galasi lokuza zinthu, ngakhale mano a pa fupa la kukhosi limene ife tingotaya pakudya. M'chaka cha 1935 anasindikiza zimene anapeza, natcha maina mitundu yambiri yatsopano. Mmodzi wa iyo ndi Genyochromis mento, kansomba kodya mamba ndi zipsepse za nsomba zinzake.

Kufikira pamenepo anali kuona nsomba zakufa zokhazokha. M'chaka cha 1939 anafika ku Nyasaland pamodzi ndi Bertram ndi Borley kudzafufuza za usodzi, ndipo lipoti lao linatuluka mu 1942. Ulendowu unawathandiza kusiyanitsa mitundu ya chambo, ndipo mu 1941 anaika m'buku la sayansi mtundu wa lidole ndi wina umene anautcha karongae. Anapuma ntchito mu 1961, koma manja sanapinde. Mu 1983 anatulutsa buku lalikulu m'mene anaika chambo m'gulu la Oreochromis, ndilo la nsomba zimene yaikazi isunga mazira ndi ana m'kamwa, monga asodzi onse adziwa. Mu 1989, ali ndi zaka zoposa 88, anatulutsanso buku lina pamodzi ndi David Eccles, amene anagwira ntchito ya za nsomba ku Monkey Bay. Anamwalira mu 1993.

Ntchito yao inasiya funso lalikulu. Nanga nyanja imodzi inabala bwanji mitundu mazanamazana, wina wa mano opalira ndere pamwala, wina wa kamwa loyamwira tizirombo m'madzi? Yankho lili mu DNA, imene maonekedwe ake anadziwika mu 1953. DNA ndiyo kalata yaitali ya zilembo zinayi zokha, yokhala m'selo ya chamoyo chilichonse, ndipo zigawo zake tizitcha majini. Mwa mabakiteriya ambiri kalatayi ikhala ngati mkombero umodzi wopanda chotchinga, ndipo selo iyamba kuikopa pamalo amodzi, niiwerenga ndi kupanga mapuloteni nthawi yomweyo. Mwa nsomba, chimanga ndi ife anthu, DNA itsekeredwa m'nyukiliyasi, ikopedwa kuyambira pamalo ambiri, ndipo uthenga wake uyamba wakonzedwa usanatuluke kukapanga mapuloteni. Palinso gulu lachitatu, la arikeya, limene Carl Woese analizindikira mu 1977: tizamoyo tooneka ngati mabakiteriya, koma tokopa ndi kuwerenga DNA mofananako ndi ife.

Tsono imvani chodabwitsa. Mu 2018 akatswiri anawerenga DNA ya mbuna, utaka, mcheni ndi abale ao, napeza kuti mitundu iwiri isiyana kawirikawiri pa zilembo zosaposa 3 mwa 1,000 zilizonse. Kalata ili pafupifupi imodzi, koma mawerengedwe ndiwo asiyana. Mwachitsanzo, jini yotchedwa bmp4 ili mwa mbuna zonse, koma mwa mbuna ya nsagwada zolimba zolumira ndere igwira ntchito kwambiri pamene nsagwada zili kuumbika. Momwemo zimene Mayi Trewavas anaziona ndi galasi lao zinali zipatso za majini otsegulidwa mosiyanasiyana. Zafanana ndi amayi awiri otapa ufa m'thumba limodzi, wina naphika nsima, wina phala.

Chimene chindidetsa nkhawa ndi ichi. Lidole, amene mayiyu anamulemba m'buku, anaikidwa mu 2018 pa mndandanda wa nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Atate anena kuti pa unyamata wao anali kumgwira, koma ine sindinamuonepo ndi maso. Mtundu ukatha, ngakhale wanzeru wotani sangathe kuubwezera m'madzi. Chitsala ndi botolo la ku London basi.

Anzanga, anyamata ndi asungwana, mayiyu anachokera kutali natha zaka 60 pa nsomba zathu, pamene ife tibadwira pa gombe pomwe. Popita ku tchuthi tiwakumbutse akwathu kuti asakokolole kasawala ndi maukonde a udzudzu, ndi kuti alemekeze miyezi yotseka nyanja. Ine ndayamba kale kufunsa atate maina onse a nsomba amene awadziwa, ndipo ndili kuwalemba m'kope langa.

Wophunzira wa Fomu 3